Njinga ya Apongozi

Tinenenji anakulira ku Chipata, kumene ukangoima pamsewu minibasi imakupeza yokha. Evance atamukwatira n'kupita naye kwawo ku Zemba, anapeza kuti kuno galimoto ya munthu ndi miyendo yake.

Amene anamuphunzitsa mayendedwe ndi alamu ake, aLefina. Anati popita ku boma azinyamuka mame asanaume. Pa ngolo asamakhale kumbuyo, chifukwa ng'ombe zikadzidzimuka pachitunda woyamba kugwa ndi iyeyo. Bulu ndi wa matumba a chimanga, osati wa munthu wovala chitenje. Pa njinga mkazi amakhala chammbali, miyendo pamodzi, n'kugwira chitsulo cha pansi pa chishalo, osati m'chiuno mwa mwamuna wa eni. Tinenenji anasunga zonsezi ngati za mayeso a Giredi 9.

Mvula ili pakati, Evance ali ku ganyu ku Katete, mwana wawo Gift anadzuka thupi lili moto, maso akutembenuka. Anali ndi miyezi isanu ndi itatu. Amuna a m'mudzimo anali atapita ndi njinga zawo kukatenga feteleza, ng'ombe zili kumunda. Njinga yotsala inali ya apongozi ake aamuna, aYoweli, nkhalamba yofatsa yoimba kwaya kutchalitchi.

AYoweli anaitulutsa msanga, napopa matayala. Tinenenji atabereka mwana n'kuyandikira keliyala ya kumbuyo kwa njingayo kuti akwere, aLefina anamukoka chitenje. Anamunong'oneza kuti mtengwa sakhala kumsana kwa apongozi ake, mudzi wonse ungamuloze chala mpaka kufa. Tinenenji kupalasa sankadziwa. ALefina anali ndi pakati potopa. Mwana wokomoka sangamangidwe pa keliyala ngati nkhuku.

Tinenenji anagwada poteropo, nkhope atalozetsa kumbali.

"Bambo, mwanayu akuuma."

"Ndaona, mayi. Tiyeni, ine nditsogole."

Anayenda choncho, aYoweli patsogolo akukankha njinga yopanda kanthu, iye m'mbuyo ndi mwana. Maso ake sanachoke pa keliyala ija. Akayenda pang'ono ankamasula chitenje n'kuika chala pamphuno pa Gift kuti amve ngati mpweya ulipo. Pamtsinje aYoweli anawoloka okha, namudikira kutsidya atamupatsa msana, kuti asamuone akukwinya chitenje.

Anafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Namwino anamulanda mwanayo, akumukalipira kuti amayi akumudzi amayamba kwa asing'anga, kuno amabwera zinthu zitaipa. Anamufunsa kumene anali tsiku lonse. Tinenenji anasuzumira pazenera. Apongozi anali pansi pa mtengo, chipewa m'manja, milomo ikugwedera ndi pemphero.

"Ndinachedwa ndine, anesi," anatero Tinenenji.

Gift anachira, koma malungowo anamutengera makutu. Lero ali ndi zaka ziwiri, ndipo mayi ake akamuitana ali kumbuyo satembenuka. M'mudzimo amayi akuluakulu akamalangiza atsikana okwatiwa kumene amatchula Tinenenji, ati mwana wa m'tauni koma ulemu wake ngati wobadwira konkuno. Iye amangoweramitsa mutu n'kupitiriza kusenda mtedza.