Ndinalemba Ntchito ya Atate Ngati Yanga

Ndinachotsedwa pa yunivesite nditatsala ndi chaka chimodzi kuti nditenge digiri ya uinjiniya wa makina, ndipo wondichotsetsa ndinali ine ndemwe. Mayeso sindinalepherepo ngakhale amodzi. Chinandigwetsa ndi kabuku kamene anzanga ena ankangokapinda n'kuika m'thumba la kumbuyo. Ndakhala ndikuuza anthu kuti ndinasiya sukulu chifukwa cha mavuto a pakhomo, koma lero ndikuuzani zoona, inu owerenga, makamaka amene muli pa sukulu kapena muli ndi ana kumeneko.

Lamulo la maphunziro athu ku Kitwe linali losabisa. Kukhoza masamu ndi zojambula sikunali kokwanira. Pa tchuti chachikulu cha chaka chachinayi, wophunzira aliyense ankayenera kukagwira ntchito ndi manja ake pamalo pamene pali makina, zimene tinkazitcha atachimenti. Tsiku lililonse umalemba zimene wachita m'buku lotchedwa logibuku, injiniya wovomerezeka n'kumasaina sabata iliyonse. Pobwera, aphunzitsi atatu amakukhazika pansi n'kukufunsa za m'bukumo. Popanda zimenezi sunkalowa chaka chomaliza, ngakhale utakhala wanzeru bwanji.

Kale lamuloli silinkadetsa nkhawa munthu. Migodi ili m'manja mwa boma, ophunzira ankangotengedwa gulu lonse, kupatsidwa maovolosi, nsapato ndi chipewa, ndipo mwana wa wogwira ntchito mumgodi ndiye sankapempha n'komwe. Ine ndinakula ndikudziwa choncho. Atate anali fita, mmisiri wokonza mapampu pansi pa nthaka, kwa zaka zambiri, ndipo ndinkayenda ngati mgodiwo ndi munda wa kwathu. Koma nthawi yanga itakwana, migodi inali itagulitsidwa. Atate anali atadulidwa ntchito, nyumba tinali titaigulitsa n'kusamukira m'kanyumba ku komboni ya Kwacha, ndipo amayi ndiwo ankatidyetsa ndi malonda a tomato ndi tinsomba ta kapenta.

Anzanga anayamba kulemba makalata opempha malo miyezi isanakwane. Ine ndinkawaseka. Nditapita kuchipata cha mgodi ndi kalata yanga tchuti chitayamba kale, mlonda sanafune n'komwe kumva dzina la atate. Anati eni atsopano sakutenga ophunzira chaka chimenecho, ndisiye kalatayo m'bokosi. Ndinabwererako kanayi, yankho lomwelo.

Mwayi unalipo, ndisaname. Mnzanga wina wa m'kalasi, mtsikana wa ku Kabushi dzina lake Mutale, anapeza malo pa kawekishopu ka ku Ndola kokonza mamota ndi mapampu a pazitsime. Mwini wake anali injiniya wovomerezeka, ndipo ankafuna ophunzira awiri. Mutale anandiitana. Ndinapita kukaona, ndinapeza shedi ya malata, pansi pali mafuta okhaokha, amuna anayi akudya chinangwa chootcha atakhalira mota yakufa. Ndinati ine mwana wa mumgodi sindingalembe za pagalaji m'buku langa, anthu angandiseke. Mutale anangoti, "Iwe, logibuku siifunsa kukula kwa geti," ndipo ine ndinakwera minibasi kubwerera ku Kitwe.

Panalinso njira ina yapafupi. Ndikanapita kwa mkulu wa dipatimenti yathu n'kunena kuti malo ndasowa. Ena anatero, ndipo anawalola kudzachita atachimenti tchuti chotsatira, ena anawapezera malo ku kampani ya madzi. Ine ndinachita manyazi, poti ndinali nditadzitama kale kuti ndikupita pansi pa mgodi. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Choncho ndinangokhala panyumba, ndipo panyumbapo panali atate. Chichokereni ntchito anali atasanduka munthu wosalankhula. Ankadzuka m'mamawa ngati akupita ku shifiti, kusamba, kuvala, kenako n'kukhala pampando pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lina, pongofuna kucheza, ndinawafunsa mmene amasinthira beringi, chitsulo chimene chimathandiza pampu yaikulu kuzungulira. Bambo aja anasintha nkhope. Anatenga kamtengo n'kuyamba kujambula pansi, akufotokoza chilichonse mwa dongosolo lake: kuzimitsa magetsi ndi kukhoma loko, kutseka mavavu a madzi, kumasula kapulingi yolumikiza mota ndi pampu, mpaka nambala ya sipanala. Ndikumvetsera, maganizo oipa anandibwerera. Madzulo ake ndinatsegula logibuku n'kulemba zonse, pamwamba n'kuikapo deti la tsikulo.

Zinapitirira choncho tchuti chonse. M'mawa uliwonse ndinkatulutsa mpando wachiwiri n'kufunsa funso, iwo n'kumasuka. Anandiuza za chipinda cha mapampu cha pa levulo yakuya, gawo la pansi kwambiri la shafuti yawo, dzenje lija lolowera mumgodi, za pampu yachitatu imene inkatentha msanga, za kumvetsera beringi poika sikuludiraiva pachitsulo, chigwiriro chake kukhutu. Anandiuzanso kachizolowezi kawo. Akamaliza kulunzanitsa mota ndi pampu, ankaimika ndalama yachitsulo cham'mbali pamwamba pa makinawo akuzungulira. Ikaima osagwa, ntchito yatha bwino. Ndinalemba zimenezonso, ndikudziona wochenjera, poti zinkaoneka ngati za munthu amene analipodi.

Amayi anandikokera pambali tsiku lina n'kundithokoza. Anati atate ayambanso kudya bwino ndipo akuseka. Ndinavomera kuthokozako osachita manyazi. Atate ankadziwa kuti malo ndasowa, koma za logibuku sankadziwa, chifukwa ndinkalemba nditatseka chitseko.

Chinatsala ndi siginecha ndi chidindo. Ndinapeza bambo wina amene kale anali kalaliki kumgodi, amene pochoka anatenga chidindo cha ofesi n'kumasunga m'tebulo lake pamsika, pomwe ankalembera anthu makalata. Anasaina masamba onse tsiku limodzi, akusintha mapeni kuti zisaoneke, ine n'kumugulira mowa.

Sukulu itatsegulidwa, tsiku la mafunso linafika. Ndinalowa nditavala tayi, mtima uli m'malo, chifukwa zonse za m'bukumo ndinkazidziwa pamtima. Aphunzitsi awiri anandifunsa za mavavu ndi za chitetezo, ndinayankha mosadodoma. Wachitatu, a Mulenga, bambo wa imvi amene anagwirapo ntchito m'migodi asanayambe kuphunzitsa, ankangotembenuza masamba. Kenako anavula magalasi.

"Mwaice, mwana iwe, mapampu aya unawaona na menso yako?"

Ndinati inde.

"Pa levulo iyi? Mwezi uyu walemba apa?"

Ndinavomeranso. Pamenepo anauza anzawo aja, mosakweza mawu, kuti levulo imeneyo inatsekedwa mgodi utangogulitsidwa. Mapampu anazulidwa, ndipo chipinda chimene ndinalemba kuti ndinkagwiramo ntchito tsiku ndi tsiku chinali chodzaza madzi mpaka kudenga kwa nthawi yoposa chaka. Atate sankadziwa zimenezi, poti zinachitika iwo atachoka. Ine ndinali nditakonza mapampu m'madzi kwa tchuti chonse, osanyowa.

Ndinayesa kunena kuti mwina ndinasokoneza nambala ya levulo. A Mulenga anatsegula tsamba lija la ndalama yoimika, analoza ndi chala, n'kufunsa ngati ndine mwana wa a Tembo, fita uja. Ndinavomera. Anati iwo atangochoka pa sukulu anaikidwa pa shafuti yomweyo, ndipo amene anawaphunzitsa kulunzanitsa pampu ndi kachizolowezi kameneko anali atate. Sanakalipe. Anangoti, "Bawiso, atate ako, ni munthu wa chilungamo. Bakudziwa kuti wachita ichi?" Ndinaweramitsa mutu.

Nkhani inapita ku komiti ya mwambo. Kusowa atachimenti kukanakhala mlandu wochedwetsa chabe. Koma siginecha yabodza ndi chidindo chakuba zinali chinyengo, ndipo chilango chake chinali cholembedwa m'buku la malamulo limene anatipatsa chaka choyamba, limene ine ndinkaikirapo kapu ya tiyi. Anandichotsa, thandizo la boma lolipirira sukulu linatha pomwepo, ndipo kalata inati chifukwa chake chilembedwa pa mbiri yanga ya maphunziro. Ndinapempha kuti aionenso, anakana. Sindingawanene kuti anandilakwira.

Ndinakhala masiku atatu osanena kunyumba. Tsiku lachinayi ndinapereka kalatayo kwa atate ali pampando wawo uja. Anaiwerenga mpaka pansi, kenako anapempha logibuku. Komiti inali itasunga lenilenilo, koma ndinali ndi mapepala amene ndinkayamba kulembapo. Anawerenga tsamba ndi tsamba, mawu awo omwe, pansi pake pali dzina langa. Ndinkayembekeza kuti andimenya kapena kundithamangitsa, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangopinda mapepalawo bwinobwino n'kundibwezera.

"Ine nenze kuona monga ufuna kudziwa nchito, mwana wanga," anatero.

Anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, tinkadya limodzi, tinkakambirana za mvula ndi za matenda a kumudzi ku Katete, koma za mgodi sanandiuzenso ngakhale kamodzi. Ndinayesapo kufunsa, ndikufunadi kudziwa, iwo anati aiwala. Kutaya digiri kunandipweteka, koma ichi ndicho chimandipweteka kwambiri mpaka lero.

Panopa ndimakhala ku Twapia ndipo ndimagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono ku Ndola. Ndimajambula mapulani a mapaipi ndi matanki, ndimawerengetsa kukula kwa pampu yofunika, ndipo sindilakwitsa kawirikawiri. Ndikamaliza ndimanyamula pepalalo kupita nalo kwa injiniya kuti asaine, chifukwa dzina langa silingakhale pamenepo. Ena mwa osainawo ndi ana amene anabadwa ine ndili kale pa yunivesite. Amanditcha mudala ndipo amandilemekeza, koma malipiro athu ndi osiyana kutali.

Inu ophunzira, buku la malamulo limene amakupatsani pofika liwerengeni lonse, ngakhale masamba otopetsa a kumapeto. Zofunika pa digiri si mayeso okha, ndipo zimene mukuziona zazing'onozo ndi zomwe zilibe apilo. Malo a atachimenti yambani kufuna msanga, musadalire kuti dzina la kholo lanu likutsegulirani chipata, chifukwa makampani amasintha eni. Mukapeza shedi ya malata yokhala ndi injiniya woona, lowani mudetse manja. Mukasowa, pitani mukanene kwa aphunzitsi anu, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kuchedwa chaka chimodzi kumawawa, koma chakacho chimatha.

Ndipo ngati muli ndi kholo limene linagwira ntchito ndi manja ake, likayamba kukufotokozerani, mvetserani kuti mudziwe. Atate anandipatsa zonse zimene anaphunzira pansi pa nthaka, kwaulere, akusangalala kuti mwana wawo wawafunsa. Ine ndinawabera zinthu zimene anali akundipatsa kale, ndipo anamwalira ndisanawapepese mokwanira.