Tsiku Limene Faness Anakana Kutsitsa Jeke

Faness anabwerera kwawo ku Nsaru ndi ana awiri, kathumba ka zovala, ndi makutu owonongeka. Malungo aakulu anamugwira ali ku chitengwa ku Kabudula. Anachira, koma khutu lakumanzere linaferatu, lakumanja n'kumangotola mawu ofuula okha. Mwamuna wake anati watopa kukuwa m'nyumba mwake ngati akukusa ng'ombe. Anamukweza pa kabaza, ukwati n'kuthera pomwepo.

Inu amene mumakonda kugwira tsaya pakhonde n'kumati dziko lakudani, tamverani. Ine kukometsera nkhani sinditha, ndingonena momwe zinakhalira.

Mayiyu anayamba kugulitsa zitumbuwa pafupi ndi galaja ya bambo Rodrick, makaniko wotchuka pamsika paja. Malonda sanayende. Ogula ankatopa kubwereza mawu, n'kupita kwa wina. Tsiku lina anaika beseni pansi n'kulowa m'galajamo.

"Bambo, ndiphunzitseni ntchitoyi."

A Rodrick anaseka mpaka kutsokomola. Anayandikira khutu labwinolo n'kukuwa: "Galimoto imanena matenda ake ndi phokoso! Iwe uzidziwa ndi chiyani, ndi mphuno?"

"Ndizisesa, ndizitsuka zitsulo, ndizitunga madzi. Musandiuze kanthu. Mungondilola ndiziyang'ana."

"Miyezi itatu."

"Chaka."

"Iwe, kodi ukugula mbuzi?"

"Chaka, bambo."

Anamulola. Wantchito wodzipereka yekha amakanidwa ndi ndani?

Misewu yathu mukuidziwa. Dzinja matope, chilimwe mabampu, ndipo galimoto zake ndi nkhalamba zosenza chimanga ndi fodya mpaka kuwerama. Choyamba kutha ndi zitsulo zapansi. Amakaniko amayendetsa galimoto pamabampu atatchera khutu. Faness khutulo analibe, ndiye ankadikira galimoto ikwezedwe pa jeke, iye n'kukwawira pansi, kugwira chitsulo chilichonse.

Pang'ono ndi pang'ono manja anaphunzira. Ukagwira tayala uku ndi uku n'kuligwedeza, likamasewera, ndiye kuti yatha ndi tayirodi, chitsulo chija chimatenga mphamvu ya chiwongolero kupita nayo ku tayala. Ukaligwira pamwamba ndi pansi likamasewera, yang'ana bojointi, mfundo imene tayala limazungulirapo pokhota. Mabushi a mphira akatha amang'aluka ngati chidendene cha mlimi mu Okutobala. Ndipo mfundo yotha, ukaifumbata wina akugwedeza chiwongolero, imagogoda m'manja ngati mwanapiye ali m'dzira.

Madalaivala anam'patsa dzina. "Azamba a galimoto abwera! Azamba, tagwirani apa, kodi ibereka liti?" Iye ankangopitiriza kugwira zitsulo zake. Chikhadabo cha chala chachikulu chinaphwanyika ndi sipanala, china n'kumera. Chaka chinatha, a Rodrick osamuchotsa, m'malo mwake anayamba kumam'patsa kangachepe. Ana ake ankadya za m'galaja imeneyo. Kwina kolowera kunalibe, ndipo sipanala yakeyake analibe ngakhale imodzi.

Lachisanu lina kunabwera a Harrison, mkulu wa mpingo, ndi pikapu yawo yakalekale. Mawa lake inkayenera kunyamula amayi a Chigwirizano kupita kumsonkhano ku Nambuma.

"Ikugogoda kutsogoloku," anatero, "ndipo panjira ikuyenda ngati yaledzera."

A Rodrick anaiyendetsa, anamvetsera, n'kugamula kuti ndi mashoko, aja amaletsa galimoto kudumphadumpha. Anasintha. Kugogoda kunali pomwepo. Ataikwezanso anapeza kuti tayirodi yakumanzere ikusewera, koma chitsulo chotero pa Nsaru panalibe tsikulo, mpaka m'tauni. Ndiye anachita zimene ambiri kuno amachita. Anadula legeni pa chubu chakale, anakulunga mfundoyo zolimba, n'kumanga. Phokoso zii. Mwini galimoto amachoka akumwetulira, makaniko n'kutamandidwa.

"Faness, tsitsa jeke!"

Faness analowetsa dzanja kaye, monga mwa chizolowezi chake. Anafumbata mfundo ija n'kuikankhira m'mwamba. Inakwera. Anaikoka, inatsika. Mkatimo munalibenso chogwira, chimene chinkailetsa kusolokoka chinali legeni basi.

"Sinditsitsa."

"Wati chiyani?"

"Wosamva ndine, bambo, osati inu. Ndati sinditsitsa."

Madalaivala amene anali chapafupi anasiya bawo. A Rodrick anawerama mpaka pakamwa pawo kufika pakhutu pake. "Ukandichititsa manyazi pamaso pa kasitomala, galaja ino usadzapondemonso. Ana akowo uziwadyetsa fumbi!"

Faness anawamva bwinobwino. Anaganiza za ana ake awiri. Kenako anatembenuka, n'kuwalozetsa khutu lakufa lija.

"A Harrison, pepani bambo, tagwadani apa. Thalauza ichapidwa. Bweretsani dzanja."

Bambo aja anazengereza, koma anagwada. Faness anadula legeni ndi mpeni, anaika dzanja lawo pa mfundoyo, n'kugwedeza tayala uku ndi uku. Nkhope ya a Harrison inasintha.

"Chikugogodachi n'chiyani?"

"Ndi chimene chimagwira tayala lanu kuti lizimvera chiwongolero. Chikasolokoka pamtsetse, inu mukhotera kumanja, tayala lipita kwake. Legeni imangotseka pakamwa, sichiza. Kumbuyoku mukweza nkhuni kapena anthu?"

"Amayi akunyumba nawo akwera momwemo," anatero a Harrison mokweza mawu kuti amve.

"Ndiye sankhani nokha. Ine dzanja langa pa jeke iyi silikhudza."

"Aaa, akulu ampingo, magalimoto onse kuno amayendera legeni!" anatero a Rodrick. "Mumvera gonthi?"

A Harrison anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo. "Sindinamvere munthu, a Rodrick. Ndagwira ndekha."

Musaganize kuti a Rodrick anachita manyazi n'kupepesa. Ayi ndithu. Anamuthamangitsa Faness pomwepo, anthu akuona, ndipo anati pikapuyo ichoke pamalo pawo.

Inachokadi. Madalaivala omwe aja ankamuseka ndi amene anaikankha kuwolotsa msewu mpaka pansi pa mtengo wa mango. A Harrison anakwera minibasi ya m'tauni, n'kubwera nacho chitsulo dzuwa litapendeka. Jeke inali ya m'galimoto momwemo. Masipanala Faness anakabwereka kwa wokonza njinga zamoto, nyundo kwa wokhoma zidebe. Atamanga tayirodi yatsopano, anakoka chingwe kuchokera ku tayala lakumbuyo kufika lakutsogolo, n'kumapotokola pang'onopang'ono mpaka matayala anayang'ana kumodzi.

Loweruka amayi anapita ku Nambuma akuimba, anabwerako akuimba. Ndipo nkhani ikalowa m'Chigwirizano, wailesi imachita kutsalira. Sabata isanathe mpingo uliwonse kuyambira ku Mpingu mpaka ku Kabudula unali utamva za mayi amene anagwaditsa mkulu wa mpingo pafumbi. Amayi ankauza amuna awo, "Ngati simukaionetsa kwa Faness, ine sindikwera."

Lero pansi pa mango paja pali shedi ya malata. Minibasi zimaima pamzere. Faness sanyengerera munthu. Akakuuza kuti chitsulo chatha ndiye chatha, ukatsutsa amakugwaditsa. Ukamupempha legeni amakulozera msewu. Ana ake ali pasukulu, ndipo a Rodrick akadali tsidya linalo, akumanga mphira zawo.

Ndiye inu, mukulira chiyani? Munalephera mayeso? Banja linatha? Thupi linakulandani china? Chimene chinafa chafa, maliro sakhala chaka chonse. Yang'anani chimene chatsala, muchigwiritse ntchito mpaka chikudyetseni. Adzakusekani, ena adzakuthamangitsani pa tsiku lomwe mwanena zoona. Asiyeni. Dzukani, sasani fumbi, ndipo mtimawo musautaye, poti wokutolerani palibe.