Nambala ya Kunsi kwa Njinga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene njinga ya bambo anga inabedwa kwathu ku Chiosya, ndale za matipate zitangoyamba kumene. Anaigula yatsopano atagulitsa mtedza, ndipo anangokwerapo miyezi isanu. Itasowa, bambo anasiya kucheza pakhomo. Kuchigayo ankapita wapansi, thumba lili paphewa, ine ndikuwayang'ana mtima ukuwawa.

Tsiku lina la msika ndinaperekeza amayi ku Kamwendo. Iwo ali mkati mosankha usipa, ndinaona bambo wina wowonda akukankha njinga yakuda, pakaliyala atakulungapo mphira wofiira, monga ankachitira bambo anga. Ndinangokuwa: "Njinga yathu! Wakuba uyo!"

Masiku amenewo anthu anali atatopa ndi akuba ndipo sankadikira apolisi. Anamuzinga nthawi yomweyo. Atayamba kudzikanira, kayankhulidwe kake kanamuulula kuti ndi wobwera, ndipo panalibe womuikira kumbuyo. Mpaka lero ndimamvabe kulira kwa ndodo pamsana pake ndi fumbi lija likundilowa m'kamwa.

Amene analowa pakati anali a Jailosi, mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Sanalimbane ndi munthu. Anangotembenuza njingayo matayala m'mwamba, n'kupala ndi msomali kunsi, pamene pamazungulira mapedulo. Analavulirapo malovu, n'kupukuta ndi chala.

"Mwana iwe, njinga ya bambo ako inagulidwa liti?"

"Chaka chatha."

"Yatsopano?"

"Eee."

"Ndiye si imeneyi," anatero mokweza. "Taonani nambalayi. Zoyamba ndi chilembo ichi ankazidinda kalekale, dziko lino likadali m'manja mwa atsamunda. Njinga iyi inapangidwa amayi akowa asanabadwe. Chatsopano apa ndi penti yokha."

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ngati wakumbukira ntchito. Bamboyo anakhala pansi, diso lakumanzere litatsekeka ndi magazi. Anati ndi tenanti wa pa esiteti ya fodya ku Mkanda, ndipo njingayo anamusiyira malemu bambo ake. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwanawe, ukanandifunsa," anatero motsitsa mawu.

Ndinkayembekeza chikwapu kunyumba, koma bambo sanandimenye. Patapita milungu iwiri anandinyamulitsa nkhuku, tinayenda wapansi mpaka ku esiteti kuja. Tinamupeza atakhala pakhomo pa kanyumba ka udzu. Diso lija linali litaferatu. Mkazi wake anatiuza kuti kapitawo wanena kuti wa diso limodzi sangathe kusankha fodya, ndipo nyengo ikatha azipita kwawo. Bambo anagwada n'kupepesa. Ine ndinaweramitsa mutu.

"Dzutsa nkhope," anandiuza bambo. "Uwayang'ane."

Ndinayang'ana. Bamboyo analandira nkhukuyo, koma sananene kuti wandikhululukira.

Njinga yathu sinapezeke, ndipo sindinamvenso za munthu uja. Tsopano ndili ndi ana anga, ndipo ndimadziwa kuti tsiku lija sindinaname. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse zimene ndinkanena, ndipo n'zimene zimandiopsa. Kuti choonadi chioneke panangofunika kuwerama ndi kupala dothi, kanthawi kosakwana mphindi ziwiri. Tinalipo anthu ambirimbiri pamsika paja, ndipo tonse tinali ndi nthawi yomenya.