Muyeso wa Kabedi ka Khanda

Mumsewu wa mashopu uja aliyense ankangomuitana kuti Atelala. Anali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, makina amodzi opalasa ndi mwendo, ndi kakhonde kamene ankagawana ndi wosoka nsapato. Tepi yoyezera inkakhala m'khosi mwake kuyambira m'mawa mpaka poweruka, moti wosoka nsapatoyo ankamuseka kuti tsiku lina adzasamba nayo.

Mwamuna wake anali dalaivala wa magalimoto akuluakulu onyamula katundu. Ananyamuka mimba ya mkazi wake ili ndi miyezi iwiri, akunena kuti ndi ulendo wa milungu itatu. Poyamba ankaimba foni tsiku lililonse, kenako Lamlungu lokha, kenako nambala yake inasiya kupezeka. Telalayo sanauze munthu. Akafunsidwa ankangoti bambo ali kuntchito, n'kupalasa makina mwamphamvu kuti funso lachiwiri lisamveke.

Kunyumba chipinda chogona chinali chimodzi, chaching'ono. Bedi linagunda khoma. Iye ankagona chakukhoma, ndipo mbali yakukhomo inali ya bamboyo. Miyezi isanu ndi umodzi inatha osagonako kumbali imeneyo, koma pilo wa mwamunayo ankamukutumula m'mawa uliwonse.

Mimba itakwana miyezi isanu ndi itatu, anamwino a kusikelo anaphunzitsa amayi za kagonekedwe ka khanda. Anati mwana azigona chagada pamalo akeake, pafupi ndi mayi, pakamatiresi kolimba, popanda pilo kapena zidole. Anatsindika kuti kabedi kogundiza ku bedi lalikulu kasasiye mpata uliwonse, chifukwa khanda silitha kuchotsa nkhope pamene yapanikizika. Mawu amenewo anamukhala pamtima telalayo. Anawalemba kuseri kwa kabuku ka miyeso ya makasitomala, n'kudula mzere kawiri kunsi kwake.

Anayenda masitolo atatu. Kabedi kena kanali kokongola, ka malesi ngati diresi laukwati, koma atakagwedeza kanavina. Kena timatabwa take tinali totalikirana, dzanja lake lonse linadutsa. Wogulitsa wina anatopa naye n'kumufunsa ngati wabwera kudzagula kapena kudzapima odwala.

Pomaliza anapita kwa akalipentala a kuseri kwa msika, bambo achikulire amene dzanja lawo lamanja linali lopanda chala chimodzi. Iwo anamuuza kuti pakati pa timatabwa amasiya mpata wa zala zitatu basi, ndipo sangalakwitse poti chachinayi anapatsa sowo kalekale. Telalayo anaseka koyamba mlungu umenewo. Anatulutsa kabuku n'kuwaonetsa kutalika kwa bedi lake kuchokera pansi kufika pamwamba pa matiresi. Anati wayeza katatu.

Akalipentala anayang'ana nambalayo, kenako anayang'ana mimba.

"Poyezapo, pabedipo panagona ndani?"

"Panalibe munthu, bambo."

"Ndiye mwayeza bedi la alendo, mwananga. Matiresi opanda munthu amanama."

Anafotokoza kuti munthu akagona m'mphepete, matiresi amatsika n'kupendekeka, ndipo m'pomwe mpata umabadwira. Anamuuza kuti akagone mbali imene kabedi kadzakhale, bambo akunyumba akayeze iye ali chigonere. Telalayo atafunsa ngati sangayeze yekha, iwo anamufunsa ngati anadziyezapo yekha kumsana diresi n'kumukwana.

Loweruka masana anatseka makina msanga. M'chipinda muja malo a kabedi anali amodzi okha, kumbali yakukhomo. Anavula nsapato n'kugona pamalo pa mwamuna wake. Panali polimba ndi pozizira ngati pabedi la m'sitolo. Analendewetsa tepi ndi dzanja limodzi, koma akaweramira kuti awerenge, matiresi ankatsika mosiyana. Anayesa katatu, manambala anatuluka atatu osiyana.

Kuseri kwa khoma kunkamveka nyimbo. Kumeneko kunkakhala mayi wina wamasiye amene anthu ankamutcha Awailesi, ena akuti chifukwa cha wailesi yake yosazimitsa, ena akuti chifukwa cha pakamwa. Zaka ziwiri zonse telalayo ankangopatsana nawo moni. Ankadziwa kuti akawalowetsa m'chipinda, aona nsapato za bambo zili ndi fumbi, ndipo pofika madzulo nkhani ikhala itafika pampopi. Anatsegula kabuku, anawerenganso mawu a anamwino aja. Kenako anadzuka n'kukagogoda.

Awailesi anabwera akupukuta manja pachitenje. Anaona nsapatozo, anaona pilo. Anagwada akudandaula za mawondo awo, n'kumuuza kuti agone mmene azigonera masiku onse, osati kuuma ngati akujambulidwa. Nambala imene anawerenga inali yotsika ndi masentimita atatu poyerekeza ndi ya m'kabuku ija. Telalayo anawapempha kuti abwereze. Anabwereza, inatuluka yomweyo.

Podzuka, Awailesi ananyamula pilo uja n'kumuika pamwamba pa wadiropu. Anati asakhale pafupi ndi mwana.

"Bambo ake sakuimbanso foni," anatero telalayo, maso ali kudenga.

"Khomali n'lopyapyala, mnzanga," anayankha Awailesi. "Ndinadziwa kalekale. Mumayesa wailesi ija ndimakwezera chiyani? Ndimati muzilira momasuka."

Atatero anapinda tepi bwinobwino, anamuveka m'khosi, n'kubwerera ku zochapa zawo.

Kabedi kanafika patatha masiku asanu ndi atatu. Akalipentala anabwera nako okha, anakamangirira ku bedi lalikulu ndi malamba awiri, n'kumuuza kuti agone ayese. Telalayo anakankha zala pakati pa matiresi awiriwo, sizinalowe. Anayesanso kumutu ndi kumiyendo, sizinalowe.

Pampopi sanamvepo nkhani yake, ndipo foni sinalire. Tsopano amagona kumbali yakukhomo, ndipo chakukhoma kwatsala malo otsika pamene thupi lake linkagona, amene palibe amagonapo. Kwatsala milungu itatu kuti mwana abadwe. M'mawa uliwonse asanadzuke amatambasula mkono n'kuika dzanja pakamatiresi kopanda munthu kaja, kuti aone ngati ukufika. Umafika.