Chimbale cha Liwiro la 4

Kompyuta yachisanu itakananso, ana a Fomu 3 amene ankasuzumira pazenera adayamba kuseka. Sungeni adatulutsa chimbale cha pulogalamu imene ankafuna kulowetsamo, n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuchibwezeramo. Kamzere kosonyeza kuti pulogalamu ikulowa kadayenda bwinobwino mpaka pakati, kenako kadaima nji, pamalo omwe kadaimanso pa makompyuta anayi oyamba aja.

Lidali Lolemba, m'mwezi wa Meyi chaka cha 2006, pasukulu ina yapulayiveti ku Chinsapo. Sukuluyo idalandira makompyuta khumi akale kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino, koma adabwera opanda kanthu m'kati. Mphunzitsi wamkulu, Mayi Mhango, adalonjeza kuti amene awadzutse ndi amene adzalembedwe ntchito yoyang'anira chipinda cha makompyutawo. Sungeni adadzipereka yekha, popanda womukakamiza.

"Mwana wanga, si paja udati ntchitoyi umaidziwa?" adafunsa Mayi Mhango.

"Ndimaidziwa, amayi. Mwina makinawa ndi akufa."

"Akufa onse asanu? Ndikupatsa mpaka Lachisanu. Zikakanika tiitana anthu a m'tauni."

Kuti mumvetse chimene chidalemera pa mawu amenewo, dziwani kuti Sungeni adali atalephera mayeso a Fomu 4 kawiri. Ankakhala kwa amalume ake ku Kawale, ndipo amalumewo adali atanena kale mosapsatira kuti mtsikana wopanda satifiketi, wopandanso ntchito yooneka ndi maso, malo ake ndi kumudzi ku Ntcheu. Zimene ankachita pamsika wa Kawale, zobena, kapena kuti kujambula, nyimbo pa zimbale m'kashopu ka mnzake, iwo ankaziyesa masewera.

Pamsikapo Sungeni ankadziwika ndi changu. Woyendetsa minibasi akafika, injini ili chilirire pamsewu, iye ankabena pa liwiro lalikulu, la 52. Mphindi zitatu zisanathe chimbale chatuluka, chikadali chofunda ngati chitumbuwa. Palibe amene adabwezapo. Choncho atakatenga pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta ku kafe ya intaneti ku Old Town, adaibena chimodzimodzi, akucheza ndi makasitomala, wayilesi ikulira.

Inu amene mudalepherapo anthu akuonerera mukudziwa kuti njira yobwerera kunyumba imatalika. Sungeni adayenda wapansi kuchoka ku Chinsapo, misozi ikulengeza, chimbale chili m'chikwama. Kuseka kwa ana kudamupweteka, inde, koma chidamuwawa kwambiri n'chakuti ngakhale ichi, chinthu chokha chimene ankati amachitha, chamukananso.

Lachiwiri adabena zimbale zina zitatu, pa liwiro lomwe lija. Pakompyuta ya kushopu, imene idali yatsopano, zonse zidatseguka bwinobwino. Atapita nazo kusukulu, zonse zitatu zidaima panjira. Mayi Mhango adangomupatsa madzi akumwa.

Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Lachitatu m'mawa Sungeni adameza manyazi ake n'kupita ku Biwi kwa a Zebedee, bambo wachikulire amene adayamba ndi kukonza mawayilesi kenako n'kuphunzira makompyuta imvi zitamera kale. A Zebedee adatenga chimbale chija, n'kuchipendeketsa padzuwa.

"Udabena pa liwiro lanji, mwana iwe?"

"La 52, abambo. Kompyuta imasankha yokha lalikululo."

"Nanga iwe udali kuti pamene iyo imasankha?"

Sungeni adavomera kuti sadasankhepo liwiro yekha.

"Tamvera," adatero a Zebedee. "Nyimbo ikadumpha pang'ono anthu amavinabe, ena sazindikira n'komwe. Pulogalamu ikasowa kachidutswa kamodzi, yafa yonse. Ndiye makina akale ajawo maso awo ndi ofooka ngati angawa. Zolembedwa mothamanga, pa zimbale zotchipa za pamsikazi, sangaziwerenge."

Adamuuza kuti atsitse liwiro mpaka pa 4, ndipo chimbale chikamabenedwa kompyutayo asaigwire, asaituma ntchito ina iliyonse. Adamuonetsanso kabokosi kena ka m'pulogalamu yobenera kamene Sungeni ankakaona tsiku ndi tsiku koma osakalabadira. Ukakachonga, kompyuta ikamaliza kulemba imabwerera poyambira n'kuwerenganso zonse kuti itsimikize kuti palibe chadumphidwa. Potsazikana adamupatsa zimbale ziwiri zabwino za m'kabati mwawo.

"Ukayesere pa makina okalamba kuposa onse. Amenewo akavomera, enawo sangavute."

Lachinayi Sungeni adakhala pansi kushopu n'kusankha 4. Kamzere kadayamba kukwawa. Madalaivala awiri adafika akufuna nyimbo, iye adawapepesa kuti abwerenso.

"Sisi, lero mwadwala kapena?" adafunsa mmodzi. "Kale pofika pano tikanakhala titanyamuka."

Patangotsala pang'ono kuti chimbale chithe, magetsi adazima. Chimbale chobenedwa theka sichibwerera, ndiye kuti chatayika. Adatsala ndi chimodzi.

Magetsi adayakanso cha m'ma 3 koloko masana, ndipo aliyense pamsikapo ankadziwa kuti sakhalitsa. Apa ndi pamene padagona nkhani yonse. Pa 52 chimbale chikadatha m'mphindi zitatu, magetsi asanaganize zothawanso. Pa 4 pankafunika mphindi makumi awiri, kuwonjezerapo zowerenganso zija. Mnzake mwini shopu adamugwira paphewa.

"Iwe, bena fasiti, magetsiwa ndi osadalirika. Mawa ndi Lachisanu, ukudziwa?"

Dzanja la Sungeni lidapita lokha pa 52, poti lidazolowera. Adalibweza. Adasankha 4, adachonga kabokosi kaja, n'kupinda manja.

Mphindi makumi awiri n'zambiri kwa munthu amene sadazolowere kudikira. Ali chikhalire adakumbuka chipinda cha mayeso. Maulendo onse awiri iye ndiye ankayamba kutuluka, akunyadira kuti wamaliza anzake akadali chiweramire. Sadawerengeponso pepala lake ngakhale kamodzi. Ndipo chilepherereni ankangothamanga, kufuna kupeza anzake amene adali kale ku koleji. Adachita mantha kuti magetsi azima, koma adachitanso manyazi ena atsopano, a munthu amene wadziona bwino kwa nthawi yoyamba.

Chimbale chidatuluka. Kompyuta idachikokeranso m'kati, idawerenga kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kunena kuti zonse zili bwino. Magetsi adazimanso iye akulemba nambala 4 pachimbalepo ndi cholembera chakuda.

Lachisanu adafika kusukulu belu loyamba lisanalire. Adapempha kuti amuonetse kompyuta yokalamba kuposa zonse, yachikasu ndi ukalamba, imene inkalira ngati chigayo ikayatsidwa. Ana aja adadzazanso pazenera. Kamzere kadayenda, kadafika pakati, kadachita ngati kakuganiza, kenako kadapitirira. Mwana wina pazenera adakuwa, "Yadutsa!"

Pofika madzulo makompyuta asanu ndi anayi adali atadzuka. Yakhumi idakanadi, chifukwa chowerengera zimbale chake chidali chakufa, ndipo Sungeni adanena zoona zake osanamizira china. Mayi Mhango adatsegula diloo n'kutulutsa kiyi wa chipinda cha makompyuta womangidwa pachingwe.

"Lolemba 7 koloko. Usachedwe, komanso usathamange."

Kunyumba adaika kiyi uja patebulo pamaso pa amalume ake. Iwo adamutembenuza kawiri, n'kufunsa kuti ndi wa kuti. Atamva, adati, "Ndiye za ku Ntcheu zija tiyambe taziika pambali." Sadazitchulenso.

Sungeni adakhoma chimbale choyamba chija pakhoma la chipinda cha makompyuta, atachilemba 52. Mwana aliyense wofuna kuphunzira kubena ankayamba wamva mbiri yake. M'kupita kwa nthawi sukulu zina za ku Area 23 ndi ku Mgona zidayamba kumuitana, chifukwa mbiri idamveka kuti zimbale za mtsikana wa ku Kawale siziima panjira. Mu 2008 adalembanso mayeso a Fomu 4 kachitatu. Tsiku lililonse iye ndiye ankatsala yekha m'chipinda, akuwerenganso pepala lake mpaka woyang'anira atanena kuti nthawi yatha. Adakhoza.

Mwina nanunso pali pamene mwaima, ndipo mwayesa kawiri katatu koma mukuimira pamalo omwewo. Musafulumire kunena kuti makina ndi akufa, kapena kuti mutu wanu ndi wouma. Funsani amene akudziwa, ngakhale manyazi akugwireni. Onaninso liwiro limene mukuyendera, ndipo muone ngati mudalisankha ndinu kapena lidangodzisankha lokha. Anzanu akakupitirirani, asiyeni apite.

Osataya mtima ayi. Tengani chimbale chimene chatsalacho, tsitsani liwiro, mulembenso, ndipo mukamaliza muwerengenso.