Kalata ya ku Ofesi ya Esiteti

Chaka changa chachiwiri ndikuphunzitsa Chingerezi pasekondale ina yoyendera pafupi ndi esiteti ya tiyi, ndinkadziona ngati dolo. Mabuku anali ochepa, ndiye ndime zowerenga ndinkazifukula pafoni. Zomwe zinandisangalatsa zinali zolembera ana a sekondale a ku China: nkhani za sitima zothamanga, pansi pake mafunso, pambali malangizo. Langizo limodzi ndinalisandutsa nyimbo m'kalasi: yamba ndi mafunso, tola mawu ofunika, kawasake m'ndime, kopera chiganizocho. Kuwerenga ndime yonse ndinkati n'kutaya nthawi, ndipo wowerenga ndi chala ndinkamuseka kuti akuthyola tiyi papepala.

Mtsikana wina wa Folomu 4 anaigwira njirayi kuposa anzake onse. Ankakhoza mwakuti pepala lake ndinkapita nalo kwa aphunzitsi anzanga kukadzitama. Mayi ake ankathyola tiyi nyengo yamvula yokha. Mvula ikatha, ntchito inkatheranso pomwepo. Zaka zonsezo ankadikira kulembedwa ntchito yokhazikika, yomwe imabwera ndi nyumba kukomboni.

Lolemba lina mayiwo anandipeza panja pa kalasi, atavala pulasitiki m'chiuno, mapazi ali matope. Anagwada, n'kundipatsa ndi manja awiri kalata yochokera ku ofesi ya esiteti. Anati akapitawo anawafunsa chifukwa chomwe sanapitire ku ofesi, pamene mwana anali atawauza kuti kalatayo ndi chidziwitso wamba cha zitupa.

Ndinaiwerenga. Inali yaifupi, Chingerezi chake chosavuta kuposa cha sitima zija. Inkati asankhidwa pantchito yokhazikika, afike Lachinayi ndi chitupa, ndipo akapanda kufika malowo apatsidwa kwa wina. Lachinayilo linali litadutsa.

Mtima unandipsa. Ndinamuitana mtsikanayo, n'kumukalipira pamaso pa mayi ake. Ndinamufunsa kuti malikisi onse aja ankawatenga kuti, ngati mizere isanu ikumukanika. Anayankha motsitsa mawu.

"Sala, inalibe mafunso. Sindinadziwe poti ndiyambire. Ndinangoona mawu oti ofesi ndi chitupa."

Sankachita chipongwe. Anachita ndendende zomwe ndinamuphunzitsa, ndipo kuuza mayi ake kuti sakumva kunamuchititsa manyazi, poti m'mudzi monse ankamudziwa ngati mwana wa Chingerezi. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichokebe.

Ndinawauza mayiwo zomwe kalatayo inkanena. Sanalire. Anafunsa ngati ndingawalembere ina yopepesa, ndipo ndinailemba pomwepo, nditatsamiritsa pepala pakhoma. Pambuyo pake ndinamva kuti sinathandize. Malowo anali atapita kale.

Koma chomwe chimandiluma kwambiri ndi chomwe ananena ponyamuka. Anapinda makalata onse awiri, n'kuwamanga pansonga ya chitenje.

"Musamukalipirenso, aphunzitsi. Inu mwayesetsa. Mutuwu watengera ine, sukulu ndinalekera Sitandade 2."

Mtsikanayo anadzutsa nkhope n'kundiyang'ana. Ankadikira kuti ndinene kanthu, ndipo ndinali ndi chonena. Koma aphunzitsi anzanga awiri anali ataima pakhonde, akumvetsera.

Ndinangoti, "Zimachitika, mayi. Muyende bwino."