Chiwindi chimene akanataya

Ndisananene kanthu, ndigwade kaye ndiyamike Mwini moyo, amene wandisunga kuti ndione zimene ndaona sabata ino.

Lachiwiri, Lameki, mwana wa mlongo wanga, anatsika minibasi pa Bwanje atasenza yekha chikwama. Asanamwe ndi madzi omwe, anandilanda njinga n'kupalasa kukaona mpunga, mayi ake akukuwa m'mbuyo: "Iwe, uphulitsa posokapo!"

Ameneyu chaka chatha maso anali achikasu, mimba itatupa. Amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Mangalande, ndipo madokotala kumeneko anamuuza kuti chiwindi chake chatheratu, pakufunika china. Anadikira mpaka mawu anayamba kumuthera.

Tsiku lina masana, ine ndi mayi ake tikupirikitsa mbalame kumunda, foni inalira.

"Amalume, chapezeka. Koma akuti n'chamafuta, zija kale ankangotaya. Ndivomere?"

Mwamva, owerenga? Madokotala akudikira yankho, mwana akuimbira malume wake wamatope m'miyendo! Koma ndi mmene tinamulerera. Nkhani ya moyo ndi imfa siidumpha mwini mbumba.

Mayi ake anandilanda foni. "Ukane! Achimwene, mwasenda mbuzi zingati inu? Chiwindi chotuwa, chonyenyeka, simuponyera agalu? Mwana wanga amuike cha agalu?"

"Amayi, ine si mbuzi," anaseka Lameki mofooka. "Chamafuta chimaonongeka akachisunga pozizira, n'chifukwa chake ankachitaya. Ichi achilumikiza ku makina opopa magazi ofunda, a mpweya ndi chakudya, ngati chidakali m'thupi. Akuchiyang'anira. Chikayamba kuyeretsa magazi ndi kutulutsa ndulu, ndiye kuti chigwira ntchito. Chikakanika, sandiika."

Ndinayang'ana ngalande ili patsogolo panga. Kodi mpunga wofota timauzula tisanautsegulire madzi?

"Achemwali," ndinatero, "ife timaweruza ndi maso chifukwa tilibe poyesera. Anzathuwa akuchiyesa. Vomera, mwanawe. Ife kuno tikugwada."

Tinagwadadi m'matope momwemo. Mbalame zinadya mpunga mmene zinafunira. Dzuwa litapendeka foni inaliranso: ndulu yatuluka!

Chibadwire sindinaonepo munthu akuimba nthungululu chifukwa cha ndulu, chinthu chimene timachidula mosamala n'kuchiponya kutali kuti chisawawitse nyama. Mlongo wanga anaimba mpaka a m'minda yoyandikana anathamangira, kuyesa kuti kwabadwa mwana.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amasandutsa mwala wokanidwa kukhala wapangodya, amene amauzira mpweya m'mafupa ouma, ndi yemweyo anapatsa anthu nzeru yopangira makina amenewa. Asakunamizeni munthu kuti pemphero ndi chipatala ndi adani.

Koma pali china chikundilasa. Chiwindicho sichinagwe kumwamba. Kwinakwake kuli banja limene, m'bale wawo atamwalira, misozi ili m'masaya, linati: tengani, wina akhale ndi moyo. Sitikuwadziwa, iwonso Bwanje sakumudziwa.

Nanga ife? Makina otere kwathu kuno sanafike, koma ngakhale magazi enieniwa, amene amabwerera okha m'thupi, timathawa nawo. Akabwera otenga magazi pasukulu kapena patchalitchi, timayamba kunong'onezana za anamapopa. Tikufuna kulandira, kupereka ayi. Tsiku limene makinawo adzafike, adzapopa magazi a yani? Adzatsitsimutsa chiwindi cha yani?

Dzulo ine ndi mlongo wanga tinapita kukapereka magazi. Iye, amene amaopa jakisoni kuposa njoka, ndiye anayamba kutambasula mkono.

Ambuye atonthoze banja losadziwika lija, alibwezere mowirikiza. Ndipo inu owerenga, akudalitseni polowa ndi potuluka. Amene mukudikira pa bedi la chipatala, akudzutseni. Amene anthu anakuyang'anani n'kunena kuti mwatha ntchito, akuuzireni mpweya wake, muimirire. Ameni.